Nambala ya IQ imayeza chiyani m'mutu mwa munthu?

Ku Netherlands, kwa zaka zambiri, mnyamata akakwanitsa zaka 18 ankalemba mayeso a nzeru asanatengedwe ku usilikali, ndipo mafunso ake sankasintha. Anyamata amene analemba mu 1982 anaposa amene analemba mu 1952 ndi mapointi pafupifupi 20 a IQ, nambala imene munthu amapatsidwa pa mayeso a nzeru. Zaka 30 ndi m'badwo umodzi basi: a 1982 aja anali a msinkhu wa ana a anyamata a 1952. Magazi omwewo, dziko lomwelo. Tikaikhulupirira nambalayi mmene ilili, ndiye kuti mnyamata wamba wa mu 1982 anaposa nzeru anthu 9 mwa 10 alionse a m'badwo wa bambo ake. Komatu aphunzitsi a ku Amsterdam sanaone makalasi atadzaza ana odabwitsa, ndipo abambo aja sanali zitsiru. Ndi iwo amene anamanganso dziko lawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Amene anatulukira nkhaniyi ndi James Flynn, amene anali mphunzitsi wa zandale pa University of Otago ku New Zealand. Mu 1987 anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko 14 n'kupeza kuti kulikonse malikisi ankakwera. Ku America ankakwera ndi mapointi pafupifupi 3 pa zaka 10 zilizonse. Pambuyo pake zinaonekanso kumidzi ya ku Embu ku Kenya, kumene ana oyesedwa mu 1998 anaposa kutali anzawo a mu 1984. Chinthu chimene chingakwere chonchi pa m'badwo umodzi sichingakhale chidindo chimene munthu amabadwa nacho pachipumi. Koma si chinthu chachabenso, ndipo anthu amene amangoti "za azungu izi" n'kutembenuka amataya zambiri.

Kumene zinachokera

Mayesowa anayambira m'kalasi. Dziko la France litalamula kuti mwana aliyense azipita kusukulu, aphunzitsi anapezeka ndi ana amene sankatola kanthu, ndipo mu 1904 boma linakhazikitsa komiti yoti ione chochita nawo. Chaka chotsatira, Alfred Binet ndi Théodore Simon anatulutsa timafunso 30 toyambira pa tosavuta: kubwereza manambala amene wamva, kunena kusiyana kwa ntchentche ndi gulugufe, kusanja timabokosi malinga ndi kulemera kwake. Cholinga chinali kupeza mwana wotsalira kuti athandizidwe. Binet mwiniwakeyo ankadana kwambiri ndi maganizo akuti nzeru za munthu sizingawonjezeke.

Anamwalira mu 1911, ndipo chida chake chinawoloka nyanja popanda chenjezo lake. William Stern wa ku Germany anabweretsa njira yogawa msinkhu umene mwana waonetsa pa mayeso ndi zaka zake zenizeni. Lewis Terman wa pa Stanford University ku America anaitenga mu 1916 n'kuchulukitsa ndi 100, moti mwana wa zaka 8 woyankha ngati wa zaka 10 ankapeza 125. Mu 1917 asilikali a ku America anayamba kuyesedwa mwaunyinji, mpaka amuna oposa 1.7 miliyoni. Ena mwa mafunsowo ankafuna kuti munthu adziwe katundu wotsatsidwa m'manyuzipepala a ku America kapena osewera mpira wa kumeneko, ndipo obwera kumene ochokera ku Italy ndi ku Poland atalephera, Carl Brigham analemba mu 1923 kuti mitundu imeneyo ndi yoperewera nzeru mwachibadwa. Mu 1930 anabweza yekha mawuwo. Pofika nthawi imeneyo n'kuti khoti lalikulu la ku America litavomereza kale, pa mlandu wa Buck v. Bell mu 1927, kuti boma likhoza kutseka anthu otchedwa ofooka maganizo kuti asabereke. Anthu oposa 60,000 anatsekedwa. Munthu wakuda akamawakayikira mayesowa, ali ndi chifukwa.

Masiku ano nambalayi siiwerengedwanso ngati mmene ankachitira Terman, chifukwa njira ija siigwira kwa akuluakulu: wa zaka 40 sayankha kuwirikiza kawiri wa zaka 20. David Wechsler, kuyambira mu 1939, anabweretsa njira imene ikugwiritsidwa ntchito mpaka pano. Opanga mayeso amayesa kaye anthu masauzande angapo oimira dziko lina lake, n'kunena kuti wapakatikati pa msinkhu uliwonse akhale 100. Kenako amakonza sikelo mwakuti anthu 68 pa 100 alionse agwere pakati pa 85 ndi 115, ndipo 95 pa 100 agwere pakati pa 70 ndi 130. Opitirira 130 ndi awiri okha pa 100.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. IQ si muyezo ngati makilogalamu. Ndi malo pamzere. Kunena kuti munthu ali ndi 115 n'kunena kuti waposa anthu pafupifupi 84 pa 100 a msinkhu wake, m'gulu limene linagwiritsidwa ntchito pokonza sikeloyo, m'chaka chimene anaikonzera. Gululo likasintha, nambala isintha, ngakhale mutu uli womwewo. N'chifukwa chake opanga mayeso amakonzanso sikelo pakapita zaka, kubwezera wapakati pa 100, ndipo kukonzanso kumeneku n'kumene kunabisa kukwera kuja mpaka Flynn anakuvundukula. Ndiponso munthu mmodzimodzi akayesedwa kawiri amatha kusiyana ndi mapointi 5 kumwamba kapena kumunsi. Ku America, kumene munthu wolumala m'maganizo saloledwa kupatsidwa chilango cha imfa, khoti lalikulu linagamula mu 2014 kuti chigawo cha Florida sichingamangoti wa 70 apulumuke, wa 71 aphedwe.

Chimene mayesowa amagwira

Woyesedwa amapatsidwa ntchito za mitundumitundu: matanthauzo a mawu, kufanana kwa zinthu ziwiri, kusanja timidadada kuti tifanane ndi chithunzi, kubwereza manambala chobwerera m'mbuyo, kulemba tizizindikiro mothamanga ndi nthawi. Palinso a John Raven a mu 1938, opanda mawu n'komwe, ongofuna kuti upeze kachidutswa kosowa pa mndandanda wa zojambula. Munthu ungaganize kuti wodziwa mawu sakhala wodziwa manambala, monga timanenera kuti uyu ndi wa masamu, uyu ndi wa Chingerezi. Koma Charles Spearman anaona mu 1904, poyang'ana malikisi a ana asukulu ku England, kuti wokhoza pa chimodzi kawirikawiri amakhozanso pa zinazo. Chimene chimalumikiza zonsezi anachitcha g. Pa zonse zimene akatswiri a maganizo apeza, chimenechi n'chimodzi mwa zimene zatsimikizika mobwerezabwereza. Chimene amakanganabe n'chakuti g ndi chinthu chimodzi chokhala mu ubongo, kapena ndi maluso ambiri amene amakokana pamene mwana akukula, monga kukumbukira bwino kuthandiza kuwerenga, kuwerenga n'kuthandiza kulingalira.

Raymond Cattell anagawa nzeruzi pawiri. Pali zothetsera vuto lachilendo limene sunakumanepo nalo, zimene zimafika pachimake munthu ali m'zaka za m'ma 20 n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Palinso zosonkhanitsa, za mawu ndi zimene munthu waphunzira, zomwe zimakulabe mpaka m'zaka za m'ma 60. Mdzukulu amaitulukira foni yatsopano m'mphindi zochepa, koma pa mlandu wa malire a munda amafunikabe agogo.

Nambalayi ili ndi zimene imalosera, ndipo n'kusaona mtima kukana zimenezi. Pa 1 June 1932 dziko la Scotland linayesa ana 87,498 obadwa mu 1921, pafupifupi onse amene anali pasukulu tsiku limenelo. Mapepalawo anaiwalika mpaka Ian Deary ndi anzake anawapeza m'zaka za m'ma 1990, n'kuitana ena mwa okalambawo kuti alembenso mayeso omwewo ali ndi zaka 77. Ambiri amene anali kutsogolo ali ndi zaka 11 anali kutsogolobe, ngakhale kuti osintha malo analiponso ambiri ndithu. Anapezanso kuti okhoza bwino paubwana ankakonda kukhala ndi moyo wautali. IQ imalosera bwino ndithu mmene mwana adzachitire kusukulu, zomwe sizodabwitsa poti inapangidwira zimenezo. Pa kagwiridwe ka ntchito imaloseranso, koma kuwerengetsanso kwa mu 2022 kunasonyeza kuti mphamvu yake pamenepa ndi yochepa kuposa mmene ankanenera kale. Zonsezi ndi za magulu a anthu. Pa munthu mmodzi, khama, thanzi, khalidwe, abale ndi mwayi zimatha kuigubuduza nambalayo.

Akuluakulu a ku Katete

M'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa pa University of Zambia anapita kumidzi ya Achewa m'boma la Katete ndi funso losavuta. M'malo mofika ndi tanthauzo lake la nzeru, anafunsa akuluakulu odziwa bwino ana a m'mudzimo kuti pakagwa vuto lakutilakuti, kapena pakakhala ntchito yachilendo, angatume mwana uti, ndipo chifukwa chiyani. Mayankho awo anali ndi mbali ziwiri. Ankafuna mwana wochenjera, wogwira zinthu msanga. Koma ankafunanso wotumikira, womvera, wokhulupirika, woti ukamutuma uli ndi mtendere. Wokhala ndi mbali yoyamba yokha sankamuwerengera kuti ndi wanzeru. Ankamuona ngati woopsa, ngati Kalulu wa m'nthano uja. Serpell atayesa ana omwewo ndi mayeso amene anakonza, malikisi sanagwirizane ndi mmene akuluakulu aja anawasanjira.

Sindikuona kuti apa pali wolakwa. Akuluakulu ankayankha funso lakuti ndani angadaliridwe ndi moyo wa mudzi, pamene mayeso ankayankha lakuti ndani amathetsa msanga vuto lopatsidwa ndi mlendo, ali yekha, popanda kufunsa mnzake. Taonani mmene mayeso a IQ amachitikira: mwana amakhala payekha ndi munthu wamkulu wosamudziwa, amafunsidwa zinthu zimene wofunsayo akuzidziwa kale, amauzidwa kuti afulumire, ndipo kuthandizana kumatchedwa kubera. Mwana wa mphunzitsi wa ku Area 47 masewera amenewa anawazolowera kuyambira ali kumkaka. Mwana woleredwa kuti pamaso pa akulu sayankhayankha, ndiponso kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, amayamba waluza kale mapointi asanamve n'komwe funso.

Serpell anachitanso kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 1979. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England zithunzi zoti akope m'njira zingapo. Pa pensulo ndi pepala anapambana a ku England. Popinda waya anapambana a ku Zambia, ana opanga magalimoto a mawaya aja. Poumba, zimene magulu onse awiri anazizolowera, anafanana. Luso loona chithunzi n'kuchibwereza linali limodzi, koma chipangizo ndi chimene chinasankha wopambana. Kuchokera apa anakonza mayeso otchedwa Panga Munthu Test, amene mwana amaumba munthu ndi dongo n'kupatsidwa malikisi malinga ndi ziwalo zimene waika ndi kukhala bwino kwake.

Zofanana ndi zimenezi zinaoneka kwina. Mu 1931 ndi 1932 Alexander Luria anafunsa alimi osapita kusukulu a ku Uzbekistan kuti: kumpoto kwenikweni, kumene kumagwa chipale chofewa, zimbalangondo zonse n'zoyera, Novaya Zemlya ili kumpoto kwenikweni, kodi zimbalangondo za kumeneko n'zamtundu wanji? Ambiri anakana kuyankha, n'kunena kuti sanafikeko, akafunsidwe amene anaziona. Limeneli si yankho la munthu wopusa. Ndi la mboni yosafuna kunena zimene sinaone. Kungoti sukulu imaphunzitsa chizolowezi china, chovomera "tiyerekeze kuti" n'kutsatira mfundo mpaka kumapeto, komanso chosanja zinthu m'magulu a m'buku. Flynn ankakhulupirira kuti mbali yaikulu ya kukwera kwa IQ ndi kufalikira kwa chizolowezi chimenechi. Ukafunsidwa kufanana kwa galu ndi kalulu, mlenje ati galu amagwira kalulu, wa kusukulu ati zonse ndi nyama zoyamwitsa, ndipo malikisi apita kwa wachiwiriyo. Ndisanamizire kuti chizolowezichi n'chachabechabe: popanda icho palibe masamu, palibe udokotala, palibe kulemba mapulogalamu a kompyuta. Koma chimachita kuphunziridwa.

Akatswiri ena anayesa kukulitsa tanthauzo. Howard Gardner mu 1983 anatchula mitundu 7 ya nzeru, kuphatikizapo za nyimbo, za thupi ndi zokhala bwino ndi anthu. Aphunzitsi anawakonda kwambiri maganizowa, koma umboni woyezeka wakuti mitunduyo ndi yodziimira payokha ndi wochepa.

Make mbuu, mwana mbuu?

Zotengera kwa makolo zilipo, ndipo si zazing'ono. Mapasa ochokera ku dzira limodzi amafanana pa IQ kuposa mapasa a mazira awiri, ngakhale onse akulira nyumba imodzi. Thomas Bouchard wa pa University of Minnesota anayamba mu 1979 kufunafuna mapasa ofanana amene analekanitsidwa ali makanda n'kukulira m'mabanja osiyana, ndipo mu 1990 ananena kuti pafupifupi 70 peresenti ya kusiyana kwa IQ pakati pa anthu amene anawayesa inkachokera ku chibadwa. Kafukufuku wambiri wa akuluakulu a m'mayiko olemera amapeza pakati pa 50 ndi 80 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti chiwerengerochi chimakhala chochepa pa ana aang'ono n'kumakwera munthu akamakula. Chifukwa chimodzi chimene akatswiri amapereka n'chakuti mwana wobadwa ndi kachidwi pang'ono ka mabuku amawerenga kwambiri, aphunzitsi amamukonda, amasankhidwa kupita ku sekondale yabwino, ndipo kusiyana kwakung'ono kuja kumakula ndi zimene wakumana nazo. Pa mawerengero, zonsezo zimalembedwa kuti ndi chibadwa.

Mawu akuti 70 peresenti asokoneza anthu ambiri. Satanthauza kuti magawo 7 mwa 10 a nzeru zako anachokera kwa makolo, atatu kusukulu. Amanena za kusiyana pakati pa anthu a gulu lina, pa malo ena, pa nthawi ina. Richard Lewontin anazifotokoza mu 1970 ndi chitsanzo chimene mlimi aliyense achimva. Tengani mbewu ya chimanga chamakolo m'thumba limodzi, mudzale ina m'munda wothira manyowa ndi feteleza, ina pamchenga wopanda kanthu. M'munda uliwonse mapesi ena atalika kuposa anzawo, ndipo poti nthaka ya m'mundamo ndi imodzi, kusiyanako n'kwa mbewu. Koma munda wonse wa manyowa uposa munda wonse wa pamchenga, ndipo kusiyana kumeneko n'kwa nthaka kokhakokha, chifukwa thumba linali limodzi. Chibadwa chikhoza kufotokoza zambiri m'kati mwa gulu, n'kusafotokoza kalikonse pakati pa magulu awiri.

Eric Turkheimer anapeza mu 2003 kuti m'mabanja osaukitsitsa a ku America chibadwa sichinkaoneka mphamvu kwenikweni pa IQ ya ana, pamene m'mabanja olemera chinkaoneka kwambiri. Ku mayiko a kumadzulo kwa Ulaya, kumene wosauka amapezabe chipatala ndi sukulu yabwino, kusiyana kumeneku sikunapezeke. Ndipo palibe jini imodzi ya nzeru. Ofufuza DNA apeza timalo masauzande, kalikonse kothandiza pang'ono zedi. Kafukufuku wa mu 2022 wa anthu 3 miliyoni anatha kulosera pakati pa 12 ndi 16 peresenti yokha ya kusiyana kwa zaka zimene anthu anakhala pasukulu. Anthuwo anali a makolo a ku Ulaya, ndipo kulosera komweko kumafooka kwambiri kukayesedwa pa anthu a makolo a mu Africa.

Zimene zimakweza ndi zimene zimadya mapointi

Choyamba ndi sukulu yomweyo. Kale ankati anzeru ndi amene amakhalitsa pasukulu, choncho sukulu siwonjezera kanthu. Dziko la Norway linayankha funsoli mosadziwa. M'zaka za m'ma 1960 linawonjezera zaka zokakamizidwa kukhala pasukulu kuchoka pa 7 kufika pa 9, koma madera anayamba nthawi zosiyana, choncho zinatheka kuyerekeza anyamata ofanana amene ena lamulo linawapeza, ena linawaphonya. Chaka chimodzi chowonjezera chinabweretsa mapointi pafupifupi 3.7. Mu 2018 Stuart Ritchie ndi Elliot Tucker-Drob anaphatikiza zotsatira za anthu oposa 600,000 n'kupeza pakati pa pointi imodzi ndi mapointi 5 pa chaka chilichonse cha sukulu, ndipo phindulo silinkatha munthu akakalamba. Mtsikana wosiyira Sitandade 6 chifukwa cha banja sataya satifiketi yokha.

Nyumba imene mwana akukulira imaonekera bwino kwambiri pamene zinthu zafika poipa. Ku Romania, ulamuliro wa Ceaușescu utagwa mu 1989, kunapezeka ana masauzande ambiri m'nyumba za boma, odyetsedwa koma osanyamulidwa, osalankhulidwa. Pa kafukufuku wa ku Bucharest, ena mwa ana otere anapatsidwa mabanja owalera. Pofika zaka zinayi ndi theka, otsala m'nyumba za boma anali pa 73, opita m'mabanja pa 81, ndipo ana amene sanakhalepo m'nyumbazo pa 109. Amene anatengedwa asanakwanitse zaka ziwiri ndi amene anapindula kwambiri. Ku Kingston ku Jamaica, Sally Grantham-McGregor anatumiza azaumoyo kuti mlungu uliwonse, kwa zaka ziwiri, aziyendera ana opinimbira n'kumaonetsa amayi mmene angasewerere ndi kulankhula nawo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, anawo ankalandira ndalama zoposa za anzawo osayenderedwa ndi 25 peresenti. M'mera mpoyamba ndithu, ndipo apa manyowa ake anali kucheza ndi mwana basi.

Ubongo ndi chiwalo chadyera. Kwa munthu wamkulu umadya gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito likapuma, ndipo kwa mwana wa zaka 4 kapena 5 umadya zoposa theka. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira. Mwana amene thupi lake lalephera kupeza zokwanira kuti atalike, ubongo wakenso umakhala ukupikisana ndi njala yomweyo, ndi kuchepa magazi, ndi kutsegula m'mimba kobwerezabwereza.

Pa zakudya zonse, nkhani ya ayodini ndi imene imandichititsa chidwi chifukwa cha kutchipa kwake. Thupi limafuna kachepechepe kuti lipange timadzi ta m'khosi (mahomoni) timene timayendetsa kukula kwa ubongo wa mwana ali m'mimba. Ikasowa, chimene anthu amaona ndi chithokomiro, koma chachikulu sichioneka. Kafukufuku woyerekeza madera osowa kwambiri ayodini ndi madera okwanira wapeza kusiyana kwa mapointi 12 mpaka 13. Ku America mchere wa ayodini unayamba kugulitsidwa mu 1924, ndipo akatswiri a zachuma atafufuza zolemba za asilikali a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapeza kuti obadwa pambuyo pa chakacho m'madera osowa kwambiri anakwera ndi mapointi pafupifupi 15. Ndiye pogula mchere yang'anani paketi, ndipo musausiye pamtunda, chifukwa dzuwa ndi chinyontho zimauchotsa ayodini.

Mtovu umachita zosiyana: umalanda. Unkathiridwa mu petulo kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Mayiko a kum'mwera kwa Sahara anausiya pofika mu 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza, linausiya mu 2021. Bruce Lanphear ndi anzake anaphatikiza mu 2005 zotsatira za ana 1,333 n'kupeza kuti mtovu ukakwera m'magazi kuchoka pa mamayikrogalamu 2.4 kufika pa 30 pa desilita, mwana amataya mapointi pafupifupi 7, ndipo oposa theka la amenewo amatayika mlingo usanafike n'komwe pa 10. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo umene ungatchedwe wabwinobwino. Ku Kabwe ku Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali m'mabwalo amene ana amasewera. Kwina konse magwero ake ndi penti wina wa mafuta, mabatire a galimoto ophwanyidwa pakhomo, ndi mapoto ena osungunulidwa kuchokera ku zitsulo zakutha.

Malungo aakulu, okomola mwana aja, nawonso amasiya chipsera. Sikelo imene madokotala m'mayiko ambiri amayezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo imatchedwa Blantyre Coma Scale, poti Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anaikonzera ku Queen Elizabeth Central Hospital. Ku Uganda, ana opulumuka malungo a mu ubongo atatsatiridwa kwa zaka ziwiri, mmodzi mwa anayi alionse anapezeka ndi vuto la kutchera khutu, kukumbukira kapena kuphunzira. Kwathu mwana akadzuka n'kuyamba kudya phala timati wachira, n'kudzadabwa patapita zaka zitatu akubwereza Sitandade 2. Mowa pa nthawi ya pakati umawononganso ubongo wa mwana mosabwezeka, vuto limene lakula kwambiri m'madera a minda ya mphesa ku Western Cape ku South Africa.

Zogulitsidwa kuti zimawonjezera nzeru sizifuna mawu ambiri. Zoti khanda lizimvera nyimbo za Mozart zinachokera ku kafukufuku wa mu 1993 amene anachitidwa pa ophunzira a payunivesite, osati makanda, ndipo phindu lake linkatha pakapita mphindi 15. Masewera a pafoni olimbitsa ubongo amakuphunzitsa kukhoza masewerawo. Kampani ya Lumosity inalipira madola 2 miliyoni mu 2016 chifukwa cholonjeza zimene inalibe umboni wake.

Mapu oyendayenda pa Facebook aja

Ambiri tinawaonapo mapu a dziko lonse opakidwa mitundu, Africa yense ali pa 70 kapena kutsika. Manambalawo gwero lake ndi buku la Richard Lynn ndi Tatu Vanhanen la mu 2002. Pa mayiko 185 amene anawapatsa nambala, 81 okha ndi amene anali ndi zotsatira za mayeso, ndipo otsalawo anangowayerekezera ndi mayiko oyandikana nawo. Dziko la Equatorial Guinea linapatsidwa 59, koma zinadzadziwika kuti nambalayo inachokera ku gulu la ana a pamalo osamalira olumala m'maganizo ku Spain. Jelte Wicherts ndi anzake a pa University of Amsterdam atawerenganso kafukufuku yense amene anapezeka, anaonetsa mu 2010 kuti Lynn ankasiya magulu a Aafirika okhoza bwino n'kusunga otsika, ndipo avereji yawo inafika cha pa 80.

Nayonso 80 iyenera kuwerengedwa bwino. Ndi nambala yopezeka poyeza ana ndi sikelo ya ku Britain kapena ku America, kawirikawiri m'chinenero chachiwiri, m'mayiko amene kupinimbira, malungo ndi makalasi a ana 100 pa mphunzitsi mmodzi si zachilendo. Anyamata a ku Netherlands a 1952 akanapezanso pafupifupi 80 akanayezedwa ndi sikelo ya 1982. Koma tisathamangire kudzitonthoza kuti vuto lonse ndi la mayeso. Mbali ina ya kutsikako ndi yeniyeni: ndi ubongo umene ayodini anasowa, umene malungo anatentha, umene sukulu inautaya pa Sitandade 5. Kukana zimenezo n'kumasula amene ayenera kuzikonza.

Timayeso ta pa intaneti ta mphindi 10, tokulipiritsa kuti uone zotsatira, tambiri tilibe gulu lodziwika limene anakonzera sikelo yake, choncho nambala yake siyerekeza munthu ndi aliyense. Mayeso enieni amatenga ola kapena kuposerapo, maso ndi maso ndi katswiri wa maganizo, ndipo chothandiza kwambiri mu lipoti lake si nambala yaikuluyo koma zigawo zake: mwana akhoza kukhala wamphamvu pa kulingalira koma wofooka pa kusunga zimene wangomva kumene, ndipo mphunzitsi wodziwa zimenezo amasintha kaphunzitsidwe. Asanafike kumeneko, mwana amene akumunena kuti ndi wouma mutu ayezedwe kaye makutu, maso ndi magazi, ndipo afunsidwe m'chinenero chimene amalankhula kunyumba. Kwa ana osakwana zaka 6 chida choyenera chilipo kale. Melissa Gladstone ndi anzake anafalitsa mu 2010 Malawi Developmental Assessment Tool, imene anaikonza atakambirana ndi makolo akumudzi za zimene mwana wokula bwino amayenera kumachita, n'kuiyesa pa ana akumudzi oposa 1,400 a ku Malawi. Imaona kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka manja, chinenero ndi kukhala ndi anthu, ndipo pano ikugwiritsidwanso ntchito m'mayiko ena a mu Africa ndi kunja.